Anapiye 200 ndi Buku la Nkhongole

Caka catha, anthu atangotsiriza kukolola, anabwera kudzationa mmodzi wa ophunzira athu akale, mnyamata amene pa nthawi yake anaposa anzake onse pa mayeso a kayendetsedwe ka magulu a alimi. Tinamlandira mokondwa, tikuyembekeza kumva za kopaletivu ya kwao imene inamsankha kukhala mlembi. Iye anakhala pakhonde la ofesi, namwa madzi, natiuza mosazungulira kuti kopaletivuyo inatha. Ndalama zimene mamembala anasonkha kuti agulire fataleza sizinakwane pa tsiku lowerengera, ndipo amene anapita nazo kuboma anali wapampando, atsibweni ake enieni a mnyamatayo. Mfundo 7 za makopaletivu anali kuzidziwa pamtima. Kulemba buku la ndalama anali kudziwa. Koma anati palibe tsiku limene tinamphunzitsa cimene mlembi amanena, pamaso pa anthu, pamene mlongo wa amai ake wabwerako kuboma wopanda lisiti.

Mau amenewo anatikhala pamtima kwa masiku ambiri. Ulimi timauphunzitsa m'munda. Palibe mphunzitsi wa pano amene angalole kuti munthu alandire pepala la kuweta ng'ombe asanagwirepo cingwe ca nkhunzi, kapena la ulimi wa m'dimba asanaokerepo mbande. Koma phunziro la kuyendetsa gulu tinali kulipereka pa bolodi, ndi coko, masana dzuwa litatentha, anthu akusinza. Tinali kujambula mabokosi: wapampando pamwamba, mlembi ndi msungicuma pansi pake, mamembala pansi penipeni. Ophunzira anali kukopera mabokosiwo bwinobwino, nakhoza mayeso.

Vuto limeneli si la sukulu lathu lokha, ndipo si la lero. Mu January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Pulezidenti Kenneth Kaunda anaitana anthu a Zambia kuti apange makopaletivu, ndipo anapangidwa ambirimbiri m'kanthawi kocepa, boma likupereka thandizo ndi nkhongole. Patangopita zaka zowerengeka, oculuka a iwo anali atagwa. Amene anapirira anapeza mphamvu pa kugula ndi kugulitsa cimanga, koma pamene malonda a mbeu anamasulidwa pambuyo pa 1991, mphamvuyo inawathera. Kuyambira 2002, pamene fataleza wotsika mtengo anayamba kudzera m'magulu a alimi, makopaletivu anaphukanso monga bowa wa m'dzinja, ndipo inu amene muli m'midzi mudziwa bwino kuti ambiri amadzuka pa nthawi ya fataleza nagonanso mvula ikangoyamba. Anthu a m'magulu amenewa si aulesi kapena opusa. Ndi alimi odziwa nchito yao, amene sanapatsidwepo mpata woyesera kuyendetsa cinthu ca anthu ambiri pamalo pamene kulakwa sikungathetse cibale.

Pofunafuna njira ina tinakumana ndi mbiri ya munthu wa ku Brazil, Clodomir Santos de Morais, amene anabadwa mu 1928 namwalira mu 2016. Mu 1954 iye anali pakati pa gulu lalikulu la anthu amene anasonkhana mobisa m'nyumba yaing'ono mumzinda wa Recife, pa maphunziro a mwezi wathunthu amene apolisi sanayenere kuwadziwa. Anthu ambiri cotero m'nyumba imodzi anafunikira kugawana nchito mosamala: wophika, wotaya zinyalala, wolondera, ndiponso nthawi yolankhula ndi yokhala cete kuti anansi asakaikire. Pambuyo pake iye anaona kuti za m'maphunzirowo anatolapo zocepa, koma za kulinganiza gulu anaphunzira zoculuka, cifukwa moyo wa m'nyumbamo unawakakamiza. Pamenepo ndi pamene panacokera njira yake, imene inagwiritsidwa nchito kwambiri ku Honduras m'zaka za m'ma 1970, nifika ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980. Mfundo yake ndi yaifupi: patsani gulu la anthu zipangizo zenizeni ndi nchito yeniyeni yolipidwa, muwapatsenso ufulu wodzilinganiza okha malinga asaswe lamulo, ndiyeno inu aphunzitsi mucoke pakati.

Cimene cinatigwira mtima koposa ndi mmene de Morais anafotokozera mlimi wa munda waung'ono. Mlimi wotere amacita zonse yekha kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Amasankha mbeu, amalima, amapalira, amakolola, amagulitsa, ndipo akalakwitsa safunsidwa ndi munthu. Luso limeneli ndi labwino pamunda pake, koma likalowa m'gulu limabala zizolowezi zovuta: kufuna kugwira ciliconse ndi manja ake, kusakhulupirira kuti mnzake adzacita mbali yake, kuyamba nchito popanda kupangana, ndi kuona buku la ndalama monga cizindikiro cakuti akumkaikira. Titawerenga zimenezi tinazindikira ophunzira athu, koma tinadzizindikiranso ife eni, pakuti tonse pano ndife ana a alimi.

Ku masukulu a zamalonda a ku America ganizo lofanana nalo linakula mwa njira yake. David Kolb, m'buku lake la mu 1984, analongosola kuphunzira monga kuzungulira kwa masitepe anai: munthu acita kanthu, abwerera m'mbuyo kulingalira zimene zacitika, atolapo mfundo, nayesanso mfundoyo pa nchito yatsopano. Aphunzitsi ena kumeneko amasandutsa kalasi yonse kukhala bungwe lokhala ndi maudindo ndi madipatimenti, kuti ophunzira aone okha mikangano ndi kucedwa kumene mabuku amakamba. Kwa Kolb tinatengako sitepe laciwiri, limene ife alimi timakonda kulidumpha. Nkhuku zikafa timakwirira, timadandaula, nitigula zina.

Motero gulu limene linalowa pano mu May caka cino, anthu 26, amuna 15 ndi akazi 11, silinaone mabokosi pa bolodi. Pa sabata lacitatu tinawaitanira ku khola la nkhuku nitiwawerengera pangano. Sukulu liwabwereka khola, mbaula ziwiri, anapiye 200 a nkhuku za nyama, katemera wa citopa ndi wa gumbolo, cakudya ca masabata 5, ndi dimba la kumunsi kwa citsime. Zonsezi ndi nkhongole yoyenera kubwezedwa pa mtengo wake pakutha kwa masabata 12. Cotsala pamwamba pake ndi cao, agawane mmene afunira. Funso la matenda a nkhuku kapena la tizilombo ta pa repu tidzayankha usana ndi usiku. Funso lakuti ndani acite ciani sitidzayankha. Ndipo Lacisanu lililonse madzulo tidzakhala nao pansi kulingalira za sabatalo.

Masiku awiri oyamba anathera m'misonkhano. Anasankha wapampando mosataya nthawi, bambo wamkulu koposa onse pagulupo, mkulu wa mpingo kwao, munthu waulemu ndi wofatsa. Palibe amene anafunsa ngati iye anali kufuna udindowo kapena ngati anayendetsapo malonda. Imvi zinasankha zokha. Za kulondera anapiye usiku anagwirizana kuti ndi nchito ya onse, pakuti nkhukuzo ndi za onse. Ife tinamva mau amenewo tili panja, tinayang'anizana, koma tinasunga pangano.

Usiku wacinai kunazizira kwambiri, monga kumacitira mu June. Anyamata awiri amene anasonkha makala madzulo anapita kukagona akuganiza kuti amai a ku nyumba ya akazi adzabwera pakati pa usiku, pakuti ndi iwo anabwera dzulo lake. Amaiwo anali kuganiza kuti popeza iwo analondera dzulo, lero ndi tsiku la ena. Mbaula zinazima. Anapiye akamva mphepo amaunjikana pangodya kufuna kutenthetsana, ndipo a pansi amakanikizidwa. Kutaca anatola akufa 23.

Tiyenera kunena poyera kuti nkhaniyi inatigawa ifenso aphunzitsi. Mnzathu wa za ziweto, amene anaona madzulo omwewo kuti panalibe ndandanda ya olondera, anakwiya, ndipo mkwiyo wake sunali wopanda cifukwa. Anati anapiye ndi zolengedwa zamoyo, si coko cophunzitsira, ndipo sukulu la mpingo siliyenera kuonerera cinthu cikufa kuti munthu atolepo nzeru. Ena a ife tinati tikadalowerera usiku umenewo, ophunzira akadaphunzira cinthu cimodzi cokha, cakuti zikavuta aphunzitsi amabwera, ndipo ku mudzi kulibe aphunzitsi. Sitinagonjetsane. Cimene tinagwirizana n'cakuti kuyambira tsopano, pamene moyo wa ciweto uli pangozi, tidzafunsa funso limodzi mokweza dzuwa lisanalowe, lakuti ndani agona ku khola lero, ndipo sitidzacoka tisanamve dzina. Kusankha dzinalo kudzakhalabe kwa iwo. Mnzathuyo akali kunena kuti tinacedwa ndi anapiye 23, ndipo sitingamtsutse.

Lacisanu la sabata limenelo linali lowawa. Poyamba aliyense anafuna kupeza wolakwa, ndipo zala zinaloza anyamata awiri aja. Tinawapempha kuti asachule dzina la munthu kwa kanthawi, koma afotokoze usikuwo ola ndi ola, aliyense kumene anali ndi zimene anali kuganiza. Atafika pakati pa nkhaniyo cipinda cinakhala cete, pakuti zinaoneka kuti anthu 26 onse anagona ndi mtima woyera, aliyense ali wotsimikiza kuti wina ali ku khola. Mai wina amene anali asanalankhulepo pa msonkhano uliwonse anaima nati nchito ya onse ilibe mwini, ndipo iye safuna kumvanso mau akuti tonse. Usiku womwewo analemba ndandanda naikhoma pa citseko ca khola, maina awiriawiri, ndi malo osainapo pocoka ndi polowa. Anagawanso gulu patatu, a nkhuku, a dimba ndi a malonda. Pa mapemphero a m'mawa mwake abusa anawerenga Eksodo 18, pamene Yetero alangiza Mose kuika atsogoleri a anthu zikwi, mazana, makumi asanu ndi khumi. Mutu umenewu ambiri a ife taumva kuyambira ubwana, koma sitinaonepo anthu akuuchera khutu monga tsiku lija.

Masabata otsatira anayenda bwino, ndipo sitidzatayapo mau ambiri. Katemera anaperekedwa pa masiku ake, repu inamera, nkhuku zinalemera, ndipo zinafanso 5 zokha.

Cimene sitinaciyembekeze cinadza pa sabata lacisanu ndi cimodzi, ndipo cinadzera kwa ife. Nkhuku ya nyama ikafika masabata 6 iyenera kucoka, cifukwa tsiku lililonse loonjezera imadya phindu la mwini wake. Cakudya ca sukulu cinali ca masabata 5, ndipo a malonda anawerengera bwino kuti ndalama za nkhuku zoyamba kugulitsidwa zidzagula matumba odyetsera zotsalazo. Koma mwa nkhuku 172, zokwana 58 zinatuluka pa nkhongole, kuti ndalama zidzabwere kumapeto kwa mwezi. Mwa zimenezo, 21 zinatengedwa ndi anchito a sukulu lino ndi mabanja ao, kuphatikizapo ena a ife amene tikulemba nkhani ino. Palibe amene anafuna kubera ophunzira. Munthu anali kungodutsa pa khola madzulo, naona nkhuku zonenepa, nati mundisungire ziwiri ndidzakuonani pa malipiro. Ndipo mtsikana wa zaka 20 amene anali msungicuma akanamkana bwanji mphunzitsi amene adzasaina pepala lake, kapena amai abusa? Pofika Lacitatu m'bokosi munalibe ndalama zokwanira matumba ofunikawo, ndipo nkhuku zotsala zinayamba kudya gaga. Nkhuku ya nyama siinenepa ndi gaga. Zinaima kukula, zina zinatsika sikelo, ndipo zinagulitsidwa pa mtengo wocepa.

Pamenepo tinazindikira kuti atsibweni aja a mlembi wathu wakale anali atafika pa sukulu, ndipo anali ife.

Pa Lacisanu limenelo msungicuma anabwera ndi buku lake. Tinaona kuti manja ake anali kunjenjemera. Anapempha cilolezo kwa wapampando kuti awerenge maina a onse amene ali ndi nkhongole, ndipo wapampando, pofuna kutisungira ulemu, anati nkhani ya aphunzitsi aikambe padera iye mwini. Mtsikanayo anayankha mwaulemu, akuwachula kuti atate, kuti malamulo amene gulu linalemba amati buku liwerengedwe lonse pamaso pa mamembala, ndipo samati kupatula akuluakulu. Anawerenga. Anachula dzina lililonse ndi ulemu wake, aphunzitsi akutiakuti nkhuku ziwiri, amai akutiakuti nkhuku zitatu, mpaka kumapeto. Sitikumbukira tsiku lina limene tinacita manyazi otere m'kalasi mwathu momwe. M'mawa mwake Loweruka ambiri a ife tinalipira.

Madzulo amenewo ndi pamene tinawasimbira za Rochdale. Mu 1844, m'tauni imeneyo ya ku England, anthu 28, ambiri a iwo oomba nsalu, anatsegula kasitolo kao kogulitsa ufa, shuga, batala ndi zina zocepa, ndipo makopaletivu a dziko lonse amawerengera ciyambi cao pamenepo. Limodzi la malamulo ao linali lakuti malonda onse akhale a ndalama pamanja, popanda nkhongole, cifukwa anali ataona masitolo ena a anchito akugwa nayo. Mbiri imeneyi takhala tikuiphunzitsa caka ndi caka pa sabata loyamba, ndipo ophunzira anali kulemba 1844 m'makope mwao naiwala. Ulendo uno anafunsa mafunso mpaka nyali inayamba kuthima. Wina anafuna kudziwa ngati anthu a ku Rochdale analibe azibale. Tinati anali nao ndithu, ndipo tiyesa n'cifukwa cake analemba lamulolo, kuti wogulitsa akakana mbale wake anene kuti lakana ndi lamulo.

Nkhani ya wapampando inatha mwa njira imene ife sitikadaiganiza. Onse anaona kuti bamboyo, ndi ubwino wake wonse, sanali kutha kukana munthu, ndipo iye mwini anali atatopa. Buku la pa bolodi likadati aponye voti yomcotsa. Iwo sanatero. Amai awiri acikulire anapita kukaceza naye madzulo, ndipo pa msonkhano wotsatira iye mwini anaima napempha kuti ampepuze katundu. Gulu linapanga udindo watsopano wa mkhalapakati, woweruza mikangano ndi kutsegula misonkhano ndi pemphero, nilimpatsa iye, ndipo pa mpando linaikapo mai uja amene anakana mau akuti tonse. Bamboyo anaugwira bwino kwambiri udindo watsopanowo, pakuti kuyanjanitsa anthu ndiyo inali mphatso yake kuyambira kale. Inu amene muli ndi wapampando wokalamba m'magulu anu, amene simungamcotse popanda kugawa mudzi, mwina mungatolepo kanthu apa.

Pakutha kwa masabata 12 nkhuku zokha sizinakwanitse kubweza nkhongole ya sukulu. Cimene cinawaombola ndi dimba, repu ndi matimati amene a malonda anapita nao pa njinga ku msika wa pamseu kawiri pa sabata, ndalama pamanja. Anabweza zonse, ndipo cotsala cinali cocepa, cosakwana ngakhale mtengo wa nkhuku imodzi pa munthu. Anakangananso masiku awiri za kagawidwe kake, ena akuti mofanana, ena akuti molingana ndi masiku amene munthu anasaina pa ndandanda. Anatsata ndandanda. Anyamata atatu amene anali kuzemba nchito ya usiku analandira zocepa, ndipo mmodzi wa iwo sanalankhule ndi anzake mpaka tsiku lotsekera.

Sitifuna kuti muganize kuti tapeza mankhwala a matenda onse. Njirayi ndi yodula, pakuti imadya nthawi ya maphunziro ena ndipo imaika ndalama za sukulu pangozi. Imapwetekanso anthu, mnyamata uja anacoka pano ali ndi cilonda, ndipo sitidziwa ngati cidzasanduka nzeru kapena cidani. Koposa zonse, gulu la pa sukulu ndi la alendo amene adzabalalika pakapita miyezi. Msungicuma wathu anawerenga maina a aphunzitsi amene sadzakhala nao moyo wake wonse. Kuwerenga dzina la apongozi, kapena la a nduna a mfumu amene amagawa minda, ndi phiri lina. Cimene tinganene n'cakuti iye waimapo kamodzi ndi buku m'manja, mau ake anatuluka, ndipo denga silinagwe. Mlembi wathu wakale sitinampatse ngakhale kamodzi komweko.

Tinamlembera kalata mnyamatayo kumuuza zonsezi ndi kumpempha kuti abwere adzakhale ndi gulu lotsatira pa Lacisanu limodzi kapena awiri. Wayankha kuti adzabwera akatsiriza kugulitsa nshawa. Pempho lomweli tikulipereka kwa inu nonse amene munadutsa pano ndipo mwakhalapo m'komiti ya kopaletivu, ya kalabu ya amai kapena ya gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, makamaka inu amene gulu lanu linagwa. Tumizani mau ku ofesi kapena kudzera kwa abusa a kwanu, ndipo ndalama ya ulendo tidzabweza.

Anapiye a gulu latsopano afika sabata laciwiri la mwezi wamawa. Popeza kudzakhala kukutentha, vuto lao lidzakhala madzi ndi mpweya m'khola, osati mbaula, ndipo ndandanda ya gulu lapita taicotsa pa citseko kuti alembe yao. Pa msonkhano wa anchito tinapangana kuti palibe wa ife adzatenga nkhuku pa nkhongole. Kenaka mnzathu wina anafunsa ngati potero sitikucotsa phunziro lalikulu koposa onse a caka cino. Nkhaniyo taiika pa msonkhano wa Laciwiri. M'buku la gulu lapita mukali nkhuku ziwiri zosalipiridwa, ndipo msungicuma anatisiyira nambala yake ya foni kuti ndalamazo zikapezeka timtumizire, agawire anzake.